Odikira pa Madamu a Suweji

Izi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinaziona ndi maso angawa, ndipo a Mose, amene ankayang'anira madamuwo, akadali moyo ku Dzoole. Wokayika akawafunse. Dzina la katauniko sinditchula, chifukwa abale a anthuwa akadali komweko. Kali m'mapiri athu omwewa, kumene nyengo yozizira chifunga chimagona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera.

Matipate anali atangoyamba kumene, ine ndili wazaumoyo. M'mawa uliwonse ndinkatsetsereka wapansi kupita kumidzi ya kumunsi, ndipo njira yake inkadzera pa madamu a suweji. Madamuwo anakumbidwa kale, nthawi ya azungu, kuti azilandira zonyansa za m'nyumba zochepa za boma. Tsopano nyumba zinali zitachuluka, makoma atang'aluka. Madzi amene amayenera kukhalitsa m'menemo mpaka ayere ankangodutsa ali bii, n'kukagwera mumtsinje. Kumunsiko anthu ankathirira madimba, kuchapa, ena kumwa kumene.

Kunabwera lamulo latsopano loletsa kutayira madzi otere mumtsinje, ndipo ife azaumoyo tinati tapuma. Koma khonsolo inakapempha ku Lilongwe kuti lamulolo liyambe lawalambalala madamu athu, ati ndi akale, kukonza kwake n'kofuna nthawi. Chilolezo chinaperekedwa. Amene anachithamangira anali a Godwin, mkulu woona za ntchito kukhonsoloko, munthu wofatsa, wosalawa mowa, woimba kwaya kuparishi. Sanali munthu woipa, ndinene chilungamo.

Dzinja lomwelo kolera inalowa kumunsi. Mayi wina, Tabita, anaika ana ake awiri sabata imodzi. Anthu atakwiya, khonsolo inaitanitsa msonkhano pambali pa madamu pomwepo. Tabita anaimirira, mawu ake ali otsika.

"Bwana, madziwa musiya liti kutitumizira?"

"Mayi, dikirani pang'ono," anatero a Godwin. "Boma latipatsa nthawi."

"Lakupatsani inu. Nanga ife tikadikirire kuti?"

A Godwin anaseka pang'ono, kuseka kwa manyazi, nati, "Paliponse, mayi. Ngakhale pompano."

Tabita sanafike masika. Thupi lake ndinalipopera klorini ndine, monga tinkachitira ndi onse omwalira ndi matendawa.

Kuzizira kutayamba, tsiku lina ndinafika pamadamu n'kuona kuti china chasintha. Fungo kunalibe. Fungo lija linkakulandira ukadali kumtunda, lolowa mpaka m'zovala, linali litachoka. Achule anali chete. Akakowa amene ankadzadza pakhoma kunalibe ndi mmodzi yemwe. Ndinkangomva madzi akudontha papaipi.

Tsidya la damu lomaliza, m'chifunga, panali munthu. Anakhala pansi, miyendo atatambasula monga amakhalira amayi pamaliro, chitenje atafunda kumutu. Uku mwana, uku mwana.

"Mwadzuka bwanji kumeneko?" ndinafuula.

Wina anandigwira mkono. Anali a Mose.

"Musawapatse moni, azaumoyo," ananong'ona.

"Ndi ndani?"

"Mukuwadziwa."

"Akufuna chiyani?"

"Sanena. Amangokhala. Dzuwa likawala sapezeka."

Tinaima pomwepo mpaka chifunga chinayamba kung'ambika. Titazungulira kukaona, udzu wonse unali ndi mame, koma pamene anakhala paja panali pouma, udzu utagona. Pankamveka klorini.

Sanathere atatuwo. Kumunsi kukachitika maliro a matenda a m'mimba, m'mawa mwake mzere unkatalika. Ndinazindikira chipewa cha mkulu wina amene ndinkamugula tomato. Ndinazindikira mtsikana amene ndinamuyezapo sikelo ali ndi pakati. Onse ankayang'ana kumtunda, kumene kunali maofesi. Wotsokomola panalibe. Khanda silinkalira. Ine ndinkadutsa maso ali pansi, kolona ili m'manja.

Nthawi ya chilolezo itayandikira kutha, tinamva kuti a Godwin akukapempha kuti achiwonjezere. Ine ndi a Mose tinapita kukawauza zimene tinkaona. Sanatiseke. Anangoti, "Mawa ndibwera."

Anabweradi, atavala jekete lawo lofiirira. Tinaima atatu pamutu pa damu. Chifunga chinali chochindikala, koma mzere unkaoneka, kuyambira papaipi mpaka kumabango.

"Ndi angati?" anafunsa a Godwin.

"Sitiwerenga, bwana," anatero a Mose.

Pamenepo Tabita anasuntha. Kwa nthawi yonseyo sindinaonepo mmodzi wa iwo akugwedezeka. Anakokera mwana wake kufupi, n'kusendera kumanzere. Amene anali kumanja kwake anasenderanso uko. Mmodzimmodzi, mwakachetechete, mpaka kumapeto.

Pakati panatsala malo a munthu mmodzi.

A Godwin anatembenuka n'kuyamba kukwera chitunda. Ndinawathamangira.

"Bwana, musapite ku Lilongwe. Chonde."

Anaima, nkhope ili mbuu. "Ndikapanda kupempha atitsekera madamuwa. Zimbudzi za kuchipatala, za kusukulu, za kumsika, zonsezo zipita kuti? Ndiuzeni inuyo, mayi. Ndichite chiyani?"

Anapita, ndipo chilolezo anachiwonjezera.

M'mawa wotsatira atabwerako, ndinapeza a Mose atagwada m'njira, chipewa chili m'manja. Anangoloza ndi mlomo.

Malo aja anali atadzadza.

Jekete lofiirira lija. Miyendo yotambasula. Nsapato atavula, ataziika bwinobwino pambali. Ankayang'ana kumtunda ngati anzawo.

Ndinataya chikwama changa n'kuthamanga chitunda chonse, ndikuganiza za akazi awo, ndikuganiza kuti uthenga wa maliro ndikaunena bwanji. Ndinakankha chitseko cha ofesi osagogoda.

A Godwin anali pampando pawo. Kapu ya tiyi ili m'manja, nthunzi ikutuluka.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Milomo yawo inali yotuwa, mano akugundana.

"Mwandiona, eti?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Kumazizira kumene kuja," anatero. Kenaka anaweramira pa tiyi wawo.

A Mose anasiya ntchito mwezi womwewo. Ine ndinapempha kuti andisamutsire ku Msakambewa, ndipo njira ya kumadamu sindinaipondenso.

A Godwin sanamwalire ayi. Anagwira ntchito mpaka kupuma, ana awo anakwatira, zidzukulu anaziona. Kungoti kwaya anasiya, ndipo ngakhale m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, ankayenda atavala majuzi awiri. Patapita zaka ndinakumana ndi akazi awo pa ukwati wina ku Kasakula. Anandikokera kuseri kwa nyumba, nandifunsa ngati ife azaumoyo timadziwa matenda otere. Akuti m'bandakucha uliwonse bambowo amauma gwaa pabedi, maso ali tong'o, osamva kuitana, osamva kugwedeza, kufikira dzuwa litalowa pawindo. Anapita nawo kuzipatala, kwa ansembe, konse osapeza kanthu.

"Koma chimene chimandiopsa si chimenecho," anatero mayiwo, akuyang'ana uku ndi uku. "Nyumba yathu ndi ya malata, sidontha. Nanga mame amene ndimawapeza m'tsitsi mwawo amachokera kuti?"