Dzanja la Rkia pa Kavalo Woyera

Lachisanu masana, amuna onse a m'mudzi wa Oulad Mhenna ali kumzikiti, bulangete la kavalo wa Haji Mfaddal linabedwa.

Linali bulangete lamagetsi, la mawaya m'kati, lomwe dokotala wa ziweto analamula kuti kavaloyo, Zarzour, azifunda kawiri patsiku chifukwa cha msana. Loko wa khola sanathyoledwe. Wosunga kiyi anali mmodzi, Bouazza, wosamalira akavalo. Dzuwa lisanalowe anali kale m'galimoto ya apolisi.

Mkazi wake, Rkia, anathamangira galimotoyo mwana wawo Ilyas ali kumsana.

"Bwana Tahiri, amunangawo kiyi amasiya pamwamba pa chitseko. Mudzi wonse umadziwa!"

"Ndimange mudzi wonse?" anafunsa Tahiri, mkulu wa apolisi. "Lolemba akaonekera kukhoti. Bweretsani bulangete, mayi, osati phokoso."

Rkia sanalire. Anabwerera kukhola n'kuimirira pafupi ndi Zarzour. Pathako la kavaloyo panali chidindo cha dzanja lake. M'mawa womwewo anaviika dzanja mu hina, utoto wofiirira wa masamba, n'kudinda, monga amachitira akazi chikondwerero cha akavalo chikayandikira, kuti diso loipa lisamugwere. Koma chidindocho chinali chitafufutika theka. Anakumbukira kuti Bouazza anafunditsa bulangete hina asanaume, ndipo awiriwo anakangana.

Ndiye kuti hina wotsalayo ali m'kati mwa bulangete.

Lamlungu chikondwerero chinayamba pabwalo la Sidi Amar. Okwera akavalo ankathamanga mumzere, n'kuwomba mfuti zawo pamodzi. Rkia sanaonereko. Ananyamula ketulo ya tiyi n'kumazungulira kuseri kwa matenti, maso pa matako a akavalo. Wakuba sangabe bulangete lotere kuti afunde yekha. Ali ndi kavalo wodwala. Ndipo anthu a kuno kavalo amayamba amusambitsa asanamufunditse kanthu. Hina wouma akanyowa amadindanso.

Anaona akavalo ambirimbiri. Palibe. Mwana anayamba kulira, tiyi anazizira.

Kutenti yomaliza kunali kavalo woyera wa Abdelkebir, wopikisana ndi Haji Mfaddal. Dzuwa linali kuswa mtengo, akavalo onse ali osafunda. Uyu yekha anali ndi nsalu yobiriwira kuthako.

"Tiyi, achimwene?" Rkia anafunsa Abdelkebir.

"Pita uko. Mwamuna wako wakuba, iwenso ukufuna utibere makapu?"

"Kavalo wanu akumva chisanu?"

"Ntchentche."

"Ntchentche za kuno zimaluma thako lokha?"

Abdelkebir anasiya kupukuta mfuti. Anamuyang'ana osaphethira. Rkia anachoka pang'onopang'ono mpaka atakhota. Kenako anathamanga.

Anapeza Tahiri pachipata akudya nyama yootcha.

"Mwabweranso?"

"Bwana, tiyeni mukangovundukula nsalu imodzi. Ndikanama munditsekere limodzi ndi amunanga."

"Ndi mwanayo?"

"Ndi mwanayu."

Awiriwo atafika, Abdelkebir anali akuika chishalo mofulumira. Nsalu ija sanaichotse.

"Vundukulani," anatero Tahiri.

"Bwana, ndatsala pang'ono kulowa m'bwalo."

"Bwalo silithawa."

Tahiri anakoka yekha. Pathako loyera panali dzanja lofiirira, lofufutika ndithu. Ubweya wozungulira unali utathothoka chifukwa chokwecha.

"Ndi mkazi wanga anadinda," anatero Abdelkebir. "Hina ndi mlandu? Kavalo aliyense pano ali nalo."

Okwera anzake anali atasonkhana. Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Tahiri anatembenukira Rkia, nkhope itakwinyika.

Rkia anaika ketulo pansi. Anakweza dzanja lake lamanja kuti onse aone. Chala chaching'ono chinalibe, chinadulidwa ndi chikwakwa ali wamng'ono. Analiika pachidindo paja. Zala zinayi, malo anayi. Pomwe panalibe chala, ubweya unali woyera.

"Mkazi wanu ali ndi zala zingati, achimwene?"

Wina kumbuyo anaseka. "Zisanu! Zonse tinaziona patsaya lako chaka chatha, Abdelkebir!"

Abdelkebir anagwira chingwe kuti akwere. Kavalo anapinda msana ndi ululu n'kulumphira kumbali, ndipo mwini wake anagwa chagada m'fumbi. Tahiri anamuponda pamkanjo.

Bulangete analipeza m'galimoto yake, pansi pa matumba a balere. M'kati mwake munali dzanja lomwelo.

Bouazza anatuluka madzulo omwewo, ndevu zitamera, maso ali pansi. Anatambasula manja kuti anyamule mwana. Rkia anamupatsa bulangete.

"Zarzour sanafunde masiku awiri. Yambani ndi iyeyo."

"Mayi a Ilyas, ngakhale moni?"

"Moni mudzalandira mukaumitsa hina. Kiyi bweretsani kuno."

Rkia anaimanga pamkanda wa m'khosi mwake.