Magetsi a Nyumba ya Hiltunen

Glenn Ruotsala anachedwa kuchoka ku nyumba ya banja la Hiltunen tsiku limenelo. Unali mwezi wa Disembala, ndipo kuno ku Calumet mdima umagwa anthu asanaweruke n'komwe. Ntchito yake inali yojambula nyumba zogulitsa. Darlene Tregembo, mayi amene ankagulitsa nyumbayo, anafuna zithunzi za chisisira: magetsi onse a m'nyumba akuyaka, kunja kusanade kwenikweni. Ankati ogula a kutali akaona mazenera achikasu pakati pa chipale chofewa amaiwala kufunsa za denga.

Nyumbayo inali kumapeto kwa msewu wa ku mgodi wakale, ndipo inali itakhala zaka zambiri yopanda munthu. Glenn anachita kubwera ndi mababu akeake.

Vuto la ntchito imeneyi ndi zenera. Ukajambula kuti chipinda chioneke, zenera limangoti mbee. Ukajambula kuti kunja kuoneke, chipinda chimangoti bii. Masiku onse Glenn ankajambula katatu, chakuda, chapakati ndi chowala, n'kukaziphatikiza yekha pa kompyuta kunyumba. Kamera nayo imatha kuphatikiza yokha, njira imene amaitcha HDR, koma iye sankaikhulupirira. Imadetsa makoma, imaika kamzere kowala m'mphepete mwa zinthu, ndipo chilichonse chimene chagwedezeka pakati pa kujambula kutatuko chimatuluka ngati utsi. Choipitsitsa, ikaphatikiza imataya zitatu zoyambazo. Koma Darlene anali atanena pa foni kuti, "Glenn iwe, ndikuzifuna lero, osati pa Isitala. Kamera yodula ija nayo izituluka thukuta." Choncho anaisiya kuti iphatikize.

Atamaliza anazimitsa magetsi, anatseka chitseko, nabwezera kiyi m'kabokosi ka nambala kolendewera pakhonde. Galimoto inakana kulira. Batire linali litafa ndi kuzizira. Foni inalibe netiweki, monga mwa masiku onse kumeneko. Anabisa kamera mkati mwa jekete nayamba ulendo wa pansi wopita m'tauni.

Msewu unali zii. Chipale chinkagwa pang'onopang'ono, ndipo mphepo inkaluma makutu. Anadutsa zipupa za nyumba ya makina ya mgodi, natsetsereka kulowera pa kamlatho ka chitsulo.

Pamlathopo panaima munthu.

Anali bambo wokalamba, wamtali, atavala juzi yokha. Analibe chipewa, analibe jekete. Tochi ya foni itatsika pansi, Glenn anaona kuti analibenso nsapato. Masokosi basi.

"Mwazimitsiranji?" anafunsa mkuluyo.

"Pepani, bambo?"

"Magetsi. Ndinati mwina abwera. Kenako mdima."

"Mwasochera, bambo? Mumakhala kuti?"

"Kusochera pakhomo panga? Mnyamata iwe, khonde lija ndinamanga ndekha iwe usanamere mano." Analoza kumene Glenn ankachokera. "Chitseko chimadzitseka chokha. Mwana wanga anaika loko yanzeru. Yanzeru kuposa bambo ake."

Anaseka pang'ono, kaphwete kouma.

Glenn anaganiza kuti ndi mmodzi wa okalamba oiwalaiwala amene amathawa kumene akusungidwa n'kubwerera kumene ankakhala kale. Anayamba kuvula jekete.

"Sunga. Jekete silithandiza. Ndi chitseko."

Pa ntchito imeneyi lamulo ndi limodzi: sutsegulira munthu aliyense, kaya ndi woyandikana naye nyumba, kaya ndi m'busa. Darlene anali atachotsapo wojambula wina chifukwa cha zomwezo, ndipo mbiri inafika kwa onse ogulitsa nyumba mpaka ku tauni ya Houghton. Ntchito zambiri za Glenn zinkachokera kwa Darlene. Koma tauni inali kutali, ndipo munthu wa masokosi sakanafika. Nyumba ija inali pafupi, ndipo munali kufunda pang'ono, chifukwa ankasiya chotenthetsera kuti mapaipi a madzi asaphulike ndi kuzizira.

"Tiyeni, bambo," anatero.

Anabwerera limodzi. Pakhonde Glenn anatulutsa kiyi, anatsegula, nayatsa getsi la kukhitchini. Mkuluyo anaima pakhomo nthawi yaitali, akuyang'ana pansi pamene khonde limathera ndi pamene nyumba imayambira. Kenako anaponda mkati.

"Khalani pampando apo, bambo. Ndikaitana anthu."

"Pita, mnyamata. Utseke."

Glenn anatseka, anabwezera kiyi m'kabokosi, nayambanso ulendo, akukonza mawu okauza Darlene. Atafika pamlatho paja anaganiza kuti ngati zithunzi zatuluka bwino, mwina mkwiyo wa mayiyo ukachepako. Anatulutsa kamera.

Chithunzi cha pabalaza chinali monga ankaopera. Makoma otuwa, kamzere kowala kuzungulira nyale. Koma zenera linatuluka bwino. Kunja konse kunkaoneka. Chipale chakugwa chinali utsi. Nthambi za mkungudza zinali utsi.

Pakati pa utsiwo panaima mkulu uja, akuyang'ana mkati.

Iye sanali utsi. Ulusi uliwonse wa juzi unkaoneka. Makwinya onse.

Glenn anadziwa bwino kutalika kwa kujambula kutatu kwa mu chisisira. Ungathe kuwerenga pang'onopang'ono mpaka makumi awiri. Munthu wamoyo amapuma. Amaphethira. Pa kuzizira kotere amanjenjemera, ndipo mpweya wake umaoneka.

Uyu ayi.

Anasuntha chithunzi. Khitchini, mbali ina ya nyumba... Anali pazenera. Chipinda chodyera... Analipo. Bafa, kazenera kakang'ono... Nkhope yokha.

Anasunthabe.

Chipinda chogona cha m'mwamba.

M'mwamba!

Kulibe khonde kumeneko. Kulibe makwerero. Koma anali pomwepo, kunja kwa galasi, maso ali pa bedi.

Glenn anatembenuka. Kuseri kwa mitengo getsi la kukhitchini linkayaka. Kenako la pabalaza. Kenako la pamakwerero... la m'mwamba... onse.

Anathamanga. Anagwa, anadzuka, anathamanganso. Kamera inkamumenya pachifuwa. Sanaime mpaka pa malo omwetsera mafuta a pamphambano, pamene foni inagwira.

Darlene anabwera pa lole yake yaing'ono atavala chijasi pamwamba pa zovala za m'nyumba, ndipo anayamba kulalata Glenn asanatseke chitseko cha loleyo.

"Watsegulira munthu? Iwe? Ndi imvi zakozo? Ndimati wanzeru ndiwe, kani ndiwe chitsiru cha miyendo itatu ngati choimikira kamera chako! Akaba mapaipi akopa m'menemo ulipira ndiwe. Ndipo usadzandiimbirenso kufuna ntchito, wamva?"

"Anali pa masokosi, Darlene."

"Ukanamubereka! Dzina anakuuza?"

"Ayi. Anati nyumba ndi yake."

"Nyumba ndi ya Carol Hiltunen, ali ku Arizona, ndipo safuna n'kuiona komwe. Ine ndikamuuza chiyani?"

Glenn anagwira kamera mkati mwa jekete. Za zithunzi sanadziwe poyambira.

Anapeza nyumba ikuwala mazenera onse. Darlene anakwera pakhonde, anatulutsa kiyi, naipotokola. Loko inatseguka bwinobwino, koma chitseko sichinasunthe. Anakankha ndi phewa. Mkati munali mutakokedwa mpiringidzo wakale wachitsulo, umene kiyi saufika.

Anagogoda mwamphamvu. "Odi! Bambo! Tsegulani, muno si mwanu!"

Zii.

Pamenepo Glenn anamupatsa kamera. Darlene anavala magalasi, anayang'ana, nakulitsa nkhopeyo ndi chala. Kenako anakweza mutu.

"Wazitenga kuti izi?"

"Lero. Kamera yaphatikiza yokha. Sindinakhudze."

"Awa ndi a Reino," anatero motsitsa mawu. "Bambo ake a Carol. Ankayendetsa basi yathu ya sukulu."

"Ndiye akusungidwa kuti? Tiwaimbire."

"Ku Lake View, Glenn. Kumanda. Papita zaka zisanu ndi zinayi." Anamubwezera kamera. "Anayamba kuiwala kutseka, ndiye Carol anawaikira loko yodzitseka. Tsiku lina la chimphepo anatuluka kukatenga nkhuni, chitseko chinatsekeka. Woyendetsa galimoto yochotsa chipale ndiye anawapeza. Apa. Pamene waimapo."

Glenn anasuntha phazi.

"Akuti anazungulira nyumba yonse, zenera ndi zenera. Sanaswe galasi ngakhale limodzi. Anali ataika okha magalasiwo, ndipo ankawanyadira."

M'khitchini munamveka mpando ukukokedwa, ndi kulemera kwa munthu akukhala pansi.

Darlene anabwezera kiyi m'kabokosi. Anatsika pakhonde chafutambuyo, atagwira mkono wa Glenn, ndipo sanausiye mpaka anafika pa lole.

"Za kiyi zija sindinamve kanthu," anatero atalowa. "Zithunzizo usatumize kwa aliyense. Carol ndimuimbira ndekha."

"Ukamuuza kuti chiyani?"

Darlene analiza injini. Anayang'ana nyumbayo kamodzi.

"Kuti bambo ake alowa."

Lole ikubwerera m'mbuyo, magetsi anayamba kuzima. La pabalaza, la kukhitchini, la pamakwerero, mosafulumira, monga achitira munthu amene akupita kukagona m'nyumba mwake.