Titho ndi Nkhuni Zamakani

Tithokoze ankakhala ku Ndirande. Onse ankangomutchula kuti Titho. Titho ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti timapazi ta mlongo wake tifunde.

Mlongo wakeyo anali khanda. Ngakhale dzina anali asanapatsidwe. Amayi anali naye m'chikuta. Sakanatuluka panja mpaka mchombo wa mwana utagwa. Abambo anali ku ntchito ku Makata.

Unali mwezi wa Juni, anthu atangovota kumene. Mphepo ya chiperoni inafika. Mvula inkawaza tsiku lonse. M'nyumba munazizira kwambiri.

Titho anagwira timapazi ta mwana. Tinali tozizira ngati madzi a pampopi m'mawa. Mwana ankalira ndi mawu otsika. Titho anachita mantha.

"Amayi, ndikoleza moto," anatero Titho.

"Makala atha, mwanangu," Amayi anayankha. "Kwatsala nkhuni za mwanga. Koma zanyowa."

"Ndiyesa, Amayi."

Titho anaika mbaula pakhonde. Anaikamo nkhuni za mwanga. Anayatsa machesi. Anauzira, anauzira, anauzira. Utsi unamulowa m'maso. Koma moto sunayake.

Nkhuni za mwanga n'zamakani. Zimakana ngati mbuzi yokokedwa pachingwe. Koma nkhunizo sizinkamudziwa Titho. Pa makani, Titho sankagonja kwa aliyense.

Kuseri kwa nyumba kunali shedi ya a Majidi. A Majidi anali kalipentala. Ankakhoma mipando ndi matabwa a paini.

"Odi, ankolo," anatero Titho.

"Lowa, Titho. Mwana wadzuka bwanji?"

"Akuzizidwa. Ndipatseniko tizidutswa ta paini."

"Tola, mwanawe. Tola tonse tili pansipo."

Titho anatola, anatola, anatola. Anadzaza beseni. Anathamangira kunyumba.

Anachotsa mwanga uja mu mbaula. "Iwe khala uko," anauuza. Anaikamo paini yekhayekha. Anayatsa machesi.

Paini anayaka nthawi yomweyo. Malawi anakwera. Moto unathetheka. Titho anavina pakhonde. Ankadziona ngati katswiri.

"Utsi uthe kaye," Amayi anatero ali m'nyumba. "Utsi si wabwino kwa mwana."

Titho anadikira. Utsi unatha. Koma motonso unatha. Mu mbaula munatsala phulusa lokhalokha.

Titho anagwira timapazi ta mwana. Tinali tozizirabe. Mtima unamuwawa. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Wayesetsa, mwanangu," anatero Amayi. "Tidikire abambo ako."

"Ayi, Amayi. Abambo abwera madzulo. Mwana akuzizidwa panopa."

Titho anapukuta misozi. Anatenga beseni. Anatenganso tsache. Anabwerera kwa a Majidi.

"Wabweranso?" a Majidi anaseka. "Paini uja wadya ndani?"

"Moto, ankolo. Wangonyeka yense. Ndikusesereni shedi, mundipatsenso wina."

Titho anasesa, anasesa, anasesa. A Majidi ankapala thabwa.

"Paini ndi wopupuluma," anatero a Majidi. "Amayaka msanga. Amathanso msanga."

"Nanga mwanga?"

"Mwanga ndi waulesi podzuka. Koma ukayaka, suzima wamba."

Titho anasiya kusesa. Anaganiza. Wina amayaka msanga. Wina amakhalitsa. Nanga bwanji ataika onse awiri?

Anadzaza beseni. Anathokoza a Majidi. Ulendo uno sanavine. Anali ndi ntchito.

Anaika paini pansi. Anaika mwanga pamwamba. Anasiya mpata wa mpweya. Anayatsa machesi.

Paini anayaka. Malawi ananyambita mwanga. Mwanga unatulutsa thovu. Unakana.

Paini anayamba kutha. Titho anaonjezera kachidutswa kena. Mwanga unakana. Anaonjezera kena. Mwanga unakanabe.

"Kana, ndione," anatero Titho. "Ine ndili pompano."

Zala zake zinazizira. Mphuno inadzaza utsi. Mu beseni munatsala kachidutswa kamodzi. Titho anakaika bwinobwino. Anagwada. Anauzira pang'onopang'ono.

Kenako mwanga unauma. Unada. Unafiira m'mbali. Unagwira moto!

Titho anadikira. Utsi unatha. Koma moto sunathe. Mu mbaula munali makala ofiira.

Mayi a nyumba yoyandikana anamuthandiza kunyamula mbaula. Anaiika pakati pa chipinda, kutali ndi nsalu. Amayi anatsegula windo pang'ono kuti mpweya uzilowa.

M'nyumba munayamba kufunda. Mwana anasiya kulira. Anayamwa. Anagona.

Madzulo Abambo anafika, jekete ili chinyowere. Anaima pakhomo. Anatambasula manja pa mbaula.

"Moto wa mwanga, tsiku la mvula chonchi?" anafunsa Abambo. "Wakoleza ndani?"

"Funsani mwana wanu wamakaniyo," Amayi anayankha akuseka.

Abambo anamuyang'ana Titho. Nkhope yake inali bii ndi mwaye. Abambo anamupukuta ndi mpango wawo.

Titho anakhala pafupi ndi Amayi. Analowetsa dzanja mu shawelo. Anagwira timapazi ta mlongo wake.

"Amayi," ananong'ona Titho, "tagwirani. Tafunda."