Chokoleti cha a Faines

Tabita anatula katoni pansi pa mtengo wa mango, nawaza madzi pa chiguduli chimene anaifundika nacho. Dzuwa la Okutobala ku Madisi silidziwa chibale, ndipo chokoleti chinali chitayamba kufewa. Miyendo inkamuwawa, mawu anali atasasa, ndipo kunena zoona, anali atatopa naye mchimwene wake Rodrick.

Rodrick ndiye anabwera ndi katoniyo kuchokera ku Lilongwe. Kampani ina yaing'ono inamulonjeza ntchito akangogulitsa chokoleti chopanda shugacho sabata isanathe. Chimalizireni Fomu 4, mnyamatayo ankangosoka fodya wa eni, choncho ntchitoyo ankaifuna ndi mtima wonse. Tabita ankamuthandiza akaweruka kusukulu.

Poyamba Rodrick anati ogula ndi ana. Anakaima pa geti la pulayimale, koma mwana woyamba kulawa anakwinya nkhope, nalavula, n'kuthamangira kwa mayi wa mafirizesi. Kenaka anati ogula ndi anyamata a kabaza. Iwo anangoseka, n'kufunsa ngati kanthuko kamakhalitsa m'mimba kuposa chinangwa. Safunsa anadya phula: Rodrick anali asanafunsepo munthu ndi mmodzi yemwe chimene amasowa.

"Lero ndiye taphula," anatero Rodrick, akuloza geti la chipatala. "Ndi tsiku la odwala shuga. Uziwauza kuti chimatsitsa shuga m'thupi."

"Kodi chimatsitsadi, achimwene?"

"Iwe, ukufuna ndifere m'chigafa cha fodya? Tangonena."

Tabita analibe mphamvu zokangana. Posakhalitsa panatulukira a Faines, mayi wachikulire wa ku Bowe amene ankaimba kwaya limodzi ndi mayi ake a Tabita. Anali atakhala pamzere chiyambire m'mawa, ndipo ankayenda mokoka miyendo.

"Mwaswera bwanji, amayi? Tili ndi chokoleti chotsitsa shuga," anatero Tabita, maso ali pansi.

A Faines anachitenga, nachitembenuza. Nkhope yawo inawala.

"Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Mapilisi awa andikwana, ndipo ulendo wa kuno ukundithyola msana. Basi ndizingodya chimenechi, mapilisi apume."

Tabita anachita mantha. Anawaona m'maganizo a Faines atagwa m'munda wa mtedza, mapilisi ali phee pa windo. Rodrick ankamutsinzinira diso kuti alandire ndalama.

"Ayi, amayi, ndanama," anatero Tabita. "Sichichiza chilichonse. Changopanda shuga basi. Mapilisi musasiye, ndipo ngakhale chimenechi muyambe mwafunsa a nesi."

A Faines anamuyang'ana nthawi yaitali, nabweza chokoleticho m'katoni. Sanakalipe. Anangokhala pa muzu wa mango kudikira galimoto. Rodrick anakhala pansi, nagwira mutu.

"Wandiphera ntchito," anatero motsitsa.

Nthawi yoona odwala inali itakwana. Anthu anayamba kudutsa ndi zonyamula zawo, poti kwathu kuno munthu sazonda wodwala chimanjamanja. Mtsikana wina wovala yunifolomu ya kusaluni anadutsa ndi botolo la Sobo ndi mabanzi m'jumbo.

"Susana!" anaitana a Faines. "Zimenezo ukupititsa kwa bambo ako? Suja anawagoneka chifukwa cha shuga?"

"Nanga ndinyamule chiyani, azakhali? Ndikalowe manja lendelende?"

A Faines anapukusa mutu. "Ndi momwe mumachitira nonse. Ine akabwera odzandiona, ndimathokoza, n'kuombera m'manja, kenaka zidzukulu zimamwa ine ndikuyang'ana. Mphatso imakhala yanga dzina lokha."

Tabita anayang'ana jumbo ya Susana, nayang'ana mzere wa anthu olowa pa geti. Pafupifupi aliyense anali ndi botolo lotsekemera m'manja. Sabata yonse iye ndi mchimwene wake ankasakasaka woti adye, osaganizako za wonyamula.

"Asisi," anatero Tabita kwa Susana, "ichi si mankhwala. N'chowawirako pang'ono, ana sachikonda. Koma mulibe shuga. Mukawaonetse a nesi. Akakana, mubwere nacho."

Susana anawerenga pa pepala lake, nalowa nacho. Anachedwa ndithu, mpaka Rodrick anayamba kumanga katoni. Kenaka Susana anatulukira akumwetulira.

"A nesi akuti kachidutswa kamodzi patsiku, osapitirira. Bambo akana kugawira aliyense! Ndipatseni china cha azakhali."

Rodrick anadzuka pang'onopang'ono. Sanamuyang'ane mlongo wake, koma anasenza yekha katoni ija n'kukaima pafupi ndi geti.

"Inu okazonda odwala shuga!" anaitana ndi mawu osasa. "Si mankhwala ayi, ndi mphatso yoti adye okha!"

Ambiri anangodutsa, koma ena anaima. Bambo wina anabweza Fanta m'chikwama, nagula ziwiri. Zapansi pa katoni zinali zitasungunuka kale, ndipo zimenezo panalibe wozifuna, komabe katoniyo inayamba kupepuka koyamba chiyambire sabata. Rodrick anauza Tabita kuti mawa afike msanga, nthawi yoona odwala isanakwane.

A Faines anabenthula kachidutswa, nakaika pa lilime, natsinzina. Tabita anadikira kuti alavule monga anachitira mwana uja.

"Chowawa," anatero a Faines. Kenaka anakulunga chotsalacho, nachimanga pa nsonga ya chitenje, mfundo ziwiri. "Koma zidzukulu zisachione. Ichi ndiye changa."