Ayezi wa Che Omari

Mwera utaleka kuwomba chaka cha 1988, ayezi wa Che Omari, wogulitsa nsomba ku Nkopola, anayamba kusungunuka modabwitsa. Aliyense amadziwa kuti nyengo yotentha ikafika, madzi oundana sachedwa kutha. Koma zibuma zimenezi, zokwiriridwa mu utuchi m'shedi yosungira chambo, zinkadyeka pamalo amodzi okha: kadzenje kosalala, kozungulira ngati chikho.

Woyamba kuona anali Rosalina, mayi wothawa nkhondo ku Mozambiki, yemwe Che Omari anamulemba ntchito yotumbula nsomba ndi kusunga kiyi wa shediyo. Anakwirira kadzenjeko osauza munthu. M'mawa mwake anapeza kena pachibuma china.

Usiku wachitatu asodzi anamva kanyimbo koyimbidwa motsitsa kwambiri m'shedimo, chitseko chili chokhoma. Mbiri inawanda. Ena ankati ndi msodzi amene mwera unamumiza mu Julaye, ena ankanong'onezana kuti alendo obwerawa ali ndi zawo.

"Amayi, kiyi muli naye ndinu," anatero Che Omari, osamuyang'ana kumaso. "Chambo changa chikuwola. Zikachitikanso mubwerere kukampu ya othawa nkhondo."

Usiku wa tsiku limenelo Rosalina anadzitsekera m'shedimo, nabisala kuseri kwa mabokosi. Munali mdima wa ndiwe yani. Madzi ankadontha, tho, tho, tho, ndipo kunja mafunde ankangonyambita mchenga. Kenaka thabwa lina lakumbuyo linalira pang'onopang'ono, kuwala kwa mwezi kunalowa, munthu nakwawira m'kati.

Anali Celestina, mnzake amene anayenda naye masiku asanu m'tchire mpaka kudzadutsa malire ku Chiponde. Pa ulendowo mwana wakhanda wa Celestina anatentha thupi masiku awiri, popanda ngakhale dontho la madzi lomupukutira, namwalira ali kumsana.

Celestina anapalasa utuchi, namasula chitenje kumsana, nagoneka kamtolo pa ayezi mosamala. Anayamba kuyimba.

"Mana Celestina," Rosalina ananong'ona, momwe amaitanirana achemwali kwawo ku Mozambiki. "Mukutani?"

Mnzakeyo sanadzidzimuke. "Tsitsani mawu, mana, angadzuke. Miyezi yozizira ija amagona bwino. Koma chiyambire kutenthaku, thupi layambiranso moto."

"Mwanayo tinamuika limodzi pansi pa msuku. Dzenje ndinakumba ndine."

"Ndikudziwa," anayankha Celestina modekha. "Koma tagwirani."

Rosalina anatambasula dzanja. M'chitenjemo munalibe kanthu, koma kachipewa koluka ndi kansalu kopindapinda basi. Komabe kamtoloko kankatentha ngati mphika wongophula kumene, ndipo pansi pake ayezi ankayenderera madzi. Misozi inatsika yokha. Sanachotse dzanjalo mpaka atambala analira.

Kutacha anakabweza kiyi.

"Ndine ndimaiwala kukwirira utuchi, Che Omari. Mundikhululukire."

Bamboyo anamuyang'ana nthawi yaitali, nalandira kiyiyo, namupatsa chambo chiwiri chowamba cha panjira.

Amayi awiriwo ananyamuka wapansi kulowera kukampu dzuwa lisanakwere. Atadutsa mlatho wa Shire, Celestina anakhala pansi, miyendo itakana.

"Ndibelekereniko pang'ono, mana. Walemera."

Rosalina anawerama, mnzakeyo namumangirira kamtoloko kumsana. Anayamba kukwera mtunda wa ku Chowe mwakachetechete. Njira yonseyo Rosalina sanayerekeze kucheuka, chifukwa kumbuyo kwa khosi lake kunkafika kampweya kofunda, kakubwera, kakupita.