Makalata Ozilala a Lyford

Kodi mungalote chifukwa chimene makalata achikondi amene Jenala ankalandira ankakhala a zilembo zabuluu zozilala?

Jenala anakumana ndi Lyford mu 1956 pa mlatho wa Chongwe, pomwe ankagulitsa chimanga chootcha. Lyford anali dalaivala wa lole yoyenda pakati pa Lusaka ndi Fort Jameson.

"Duwa langa, uudziwa msewu uwu?" anafunsa Lyford akukukuta chimanga.

"Atate anaukumba ndi khasu ine nisanabadwe."

"Basi anakumbira ine kuti nikupeze. Uyambira kumapeto kwa Cairo Road ku Lusaka, upita pano, Rufunsa, uwoloka Luangwa, Nyimba, Petauke, Katete, mpaka ku Fort Jameson. Koma mtima wanga umazima injini pa Chongwe pokha."

Jenala anaseka, ndipo chimanga china chinapserera.

Kuyambira pamenepo, lole ikaima Lyford ankamusiyira kalata. Ina inati: "Shuga wanga, msewu wonse ndi fumbi, iwe wekha ndiwe madzi. Chimanga chikauma nikukwatira."

Jenala anakana Sanford, mphunzitsi wa ku Nkomeshya amene anali atatuma kale anthu kwa amalume ake. Mudzi wonse unamva kuti ukwati ndi wa m'mwezi wa Juni. Nanga akanakayika chiyani?

Tsiku lina anakwera basi kukagula nsalu ya ukwati ku Lusaka. Anakhala pafupi ndi mtsikana wochokera ku Nyimba, dzina lake Tryness.

"Asisi, mudziwa kuwerenga?" anafunsa Tryness mwamanyazi, akutulutsa pepala m'mpango. "Abwenzi anga analemba. Kumudzi amene amaniwerengera amaniseka."

Jenala, amene ankanyadira Sitandade 4 yake, anayamba mokweza: "Shuga wanga, msewu wonse ndi fumbi..."

Analekezera pomwepo. Anatulutsa kalata yake n'kuziika pamodzi. Mzere uliwonse unali wofanana, ngakhale pamene pensulo inaterereka. Ya Tryness inangoposa kuda.

"Abwenzi anuwo ayendetsa lole?"

"Ee, a Lyford. Akuti mtima wawo umazima injini pa Nyimba pokha."

Kalata yakeyo Jenala ankaisunga pachifuwa ngakhale m'tchalitchi!

Atatsika, awiriwo sanapite kusitolo. Anafunsira njira mpaka pabwalo la malole, ndipo anapeza Lyford akudya buledi pamthunzi wa lole yake.

"A Lyford, duwa lanu ndi liti apa?" anafunsa Jenala, atatambasula makalata onse awiri.

Lyford anameza, napukuta pakamwa ndi mkono wa malaya.

"Mverani, atsikana. Mawu ndi oona kwa aliyense. Kungoti msewu ndi wautali, dzanja limatopa. Nilembe katatu chinthu chimodzi?"

"Katatu?" anatero Tryness.

"Amake ana ku Fort Jameson nawo afuna kalata. Koma iwe Jenala, ukwati tingakambe..."

Jenala analavula malovu pafupi ndi nsapato yake. Anaganiza za amalume ake, za Sanford amene tsopano anali atatomera wina, ndi za azimayi a pachitsime. Akawauza chiyani?

Anang'amba kalatayo, napukuta zala pa diresi.

"Nanga n'chifukwa chiyani yanu inali yosaoneka bwino, asisi?" anafunsa Tryness akulira.

Jenala anamulozera mapepala abuluu amene ankaonekera m'thumba la malaya a Lyford.

Lyford ankalemba kalata imodzi, ataika mapepala awiri abuluuwo, a kaboni, pakati pa mapepala atatu kuti zilembo zidindike mpaka pansi. Yapamwamba inali ya mkazi wake, yapakati ya Tryness. Ya Jenala inali yapansi.