Mlimi wa Maluwa pa Khwawa Louma

Phwando la ukwati wa alendo a ku Chicago linatha mochedwa, ndipo pamene Ofelia Bejarano ankakoleka epuloni yake kukhitchini kwa hotela, basi yomaliza inali itapita kalekale. Ofelia anali mayi wachikulire wa manja okoma, amene alendo ankachita kumuitanitsa kuti amuthokoze pamaso. Tsiku limenelo galimoto yake inali kwa makaniko, mwana wake Yesenia anali pantchito ya usiku kuchipatala, foni nayo inali itatha moto.

"Dikirani ndikweche chitofuchi, ndikutulani pakhomo," anatero Chuy, mnzake wowotcha nyama.

"Inu ndi chitofu chanucho mpaka kucha. Ndingoyenda."

"Wapansi? Mu Phoenix muno, Ogasiti ali pakati? Kuno ngakhale galu amakwera galimoto, mayi."

"Galuyo alibe miyendo ngati yangayi," anatero Ofelia, natuluka akuseka.

Hotelayo inali m'tsinde mwa phiri la kumwera, moti potsika msewu chigwa chonse chinali poyera, magetsi ali waliwali mpaka kumene maso amalekezera. Ofelia ankaukonda mzindawu. Anafikamo ali mtsikana, mbali ino kuli minda ya thonje, malalanje ndi maluwa, ndipo anauona ukukwawa pamchenga chaka ndi chaka, wosatopa, wosachita manyazi. Pamene panali thengo la minga panali sukulu tsopano. Anthu ankachoka kumayiko achisanu kudzawothera dzuwa lomwe iye ankalithawa. Ndipo mwa nyumba zatsopano zonsezo, imodzi ya khoma lachikasu inali ya Yesenia wake, mdzukulu wa wothyola thonje. Akaiganiza nyumbayo, kutopa kunkachepa.

Phula linali likutulutsabe moto wa masana. Anakhotera njira ya m'mbali mwa ngalande, kumene ankamanga nyumba zina zatsopano, nayenda akung'ung'udza kanyimbo ka paukwati paja.

Mphepo inamupeza ali pakati pa ulendo. Inabwera ndi fungo la tchire lonyowa, ngakhale panalibe dontho ndi limodzi lomwe. Atacheuka kum'mawa anaona magetsi akuzimirira, dera ndi dera, ngati wina akuwafunditsa bulangete. Chinali chimphepo cha fumbi, khoma lalitali kuposa phiri, ndipo chinkabwera mothamanga.

Anaphimba mphuno ndi mpango. Mchenga unamukwapula kumaso. Kenaka magetsi a mumsewu anathima onse nthawi imodzi.

Mdima wa bii.

Nyumba zosathazo zinali matabwa okhaokha, ali njo ngati nthiti. Mapulasitiki ankakupiza. Lata lina linkalira chapatali. Ofelia anayenda chopapasa, dzanja lili pampanda wa waya, mpaka mphezi itamuonetsa nyumba ina yakale ya malata, yokhayo yotsala pa nthawi imene dera lonseli linali minda ya maluwa. Inali yotseka zaka zonse zimene iye ankaidziwa. Kuseri kwake kunali khwawa louma lotsika kuphiri, ndipo kutsidya kwa khwawalo kunali msewu wa kwawo. Masana ankadutsapo kawirikawiri, nsapato osanyowa.

Anaponda pamtsetse. Anatsika pang'ono.

"Mayi, uko ayi."

Anatembenuka...

Pakhonde pa nyumba yotseka ija panali nyali. Nyali ya parafini, m'chimphepo chotere, lawi lake lili chilili osagwedezeka! Woinyamulayo anali nkhalamba yaifupi ya Chijapani, ya chipewa cha udzu, khasu lili paphewa. Mphepo inkang'amba mpango wa Ofelia, koma chipewacho chinali phee.

"Pepani bambo, ndikungodutsa. Kwathu n'kutsidyaku."

"Kuphiri mvula yagwa kale. Bwerani kuno."

Mawu ake anali otsika, koma anamveka bwinobwino ngati kulibe mphepo. Ofelia anafuna kuthawa. Koma sanathawe. Anakwera mtsetse uja, osadziwa chifukwa chake.

"Tidzera kumlatho," anatero mkuluyo, natsogola.

Ankatsimphina mwendo wamanzere, komabe Ofelia ankachita kuthamangira kuti asatsale. Sankamva mapazi ake. Ankamva ake okha. Ndipo pamene mkamwa munali mchenga wokhawokha, m'mphuno munadzaza fungo la maluwa, lokoma, lozizira, ngati m'munda mbandakucha.

"Pondani mumzeremu," anatero mkuluyo osacheuka. "Uku kuli maluwa ofiira, uku oyera. Sanakhwime."

Ofelia anayang'ana pansi. Panali simenti ndi misomali basi. Anayamba Tikuoneni Mariya chamumtima, mawu akusokonekera.

Pamenepo kumbuyo kunamveka mkokomo.

Poyamba ngati sitima ili kutali. Kenaka pafupi. Pafupi kwambiri. Mphezi inang'anima, ndipo Ofelia anaona khwawa lija litadzaza mpaka m'milomo, madzi akuda akugubuduza miyala, matabwa ndi chimbudzi chonyamulika cha amisiri omanga, pamalo penipeni pomwe iye anaima!

Mkuluyo sanayang'ane n'komwe madziwo. Anaima pamlatho, nakweza nyali kuloza madenga a kutsidya.

"Mumakhala umu?"

"Eya, bambo... m'nyumba ya mwana wanga."

"Muli ana ambiri m'nyumbazi?"

"Ambiri. Madzulo msewu umadzaza njinga."

"Ndiye nthaka ikugwirabe ntchito," anatero, akugwedeza mutu ngati mlimi wokhutira. "Anthu ankabwera ndi mabasi kudzajambula maluwa anga. Akubwerabe?"

"Akubwera, bambo. Ndimawaphikira ndine."

"Muziwadyetsa bwino. Wolokani."

Ofelia anawoloka. Mvula inayamba kugwa, madontho akuluakulu ofunda. Atafika kutsidya anacheuka kuti athokoze. Pamlatho panalibe munthu. Panalibe nyali. Madzi okha akulira pansi pake.

Sanamuuze Yesenia zambiri, anangoti mkulu wina anamuperekeza. Koma Lamlungu atachoka kutchalitchi anakulunga ma tamale otentha, timikate ta chimanga ta nyama mkati, m'nsalu, nalunjika kunyumba yakale ija. Mumtima ankati mwina eni ake abwerera, mwina ndi mlonda, mwina mantha ndiwo anamuonetsa zambiri usiku uja.

Anapeza chitseko chili chotsegula, mayi wina wa imvi akutulutsa makatoni pakhonde. Anati dzina lake ndi Noriko Morishige, wabwera dzulo lake kuchokera ku California kudzalongedza, poti anthu a m'deralo anapempha kuti nyumbayo ikhale malo osonkhanira.

"Ndabweretsera bambo a pano kachakudya," anatero Ofelia. "Lachisanu anandibweza pakhwawa. Chipanda iwo, bwenzi lero akundilira."

"Bambo ake ati? Pano sipakhala munthu."

"Aafupi, a chipewa cha udzu. Amatsimphina mwendo uwu. Anali ndi nyali ya parafini."

Noriko anaika katoni pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana khwawa, lomwe linali litaumanso ngati silinaonepo madzi.

"Ankatero ndithu," anatero. "Kuphiri kukangochita mdima, ankasiya chakudya n'kutuluka ndi nyali kukabweza antchito athu pakhwawapo. Amayi ankakalipa, iwo osamva. Amenewo ndi bambo anga, a Tsuneo. Tinawaika m'manda zaka zoposa makumi awiri zapitazo, maluwa omaliza asanathyoledwe."

Ofelia anakhala pansi pamasitepe, nsalu yotentha ili pamiyendo. Kutsidya ana ankathamangitsana panjinga, wina akuthirira kapinga. Noriko anadzakhala pambali pake, nafunsa motsitsa mawu, ngati wofunsa za m'bale amene ali kutali.

"Amaoneka bwanji? Chakumapeto anali ataonda kwambiri."

"Amaoneka bwino," anatero Ofelia, akupukuta maso. "Ine ndimachita kuwathamangira."